Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 23: Vesi Yachitatu

Gawo lapita ndinasiyira pamene kampu ya pasukulu ija, mmene tinkakhala ife othawa napolo, inatsekedwa, aliyense n'kunyamula kathumba kake kukayambiranso moyo kumene anapeza malo. Ine ndinapeza chipinda chimodzi cha lendi kumunsi kwa Chilobwe, kutali pang'ono ndi phiri. Lero ndikambe za kwaya, chifukwa miyezi iwiri yomaliza ya 2023 ndinkadzuka nayo ndi kugona nayo.

Poyamba sitinkaitchula n'komwe kuti kwaya. Inabadwira m'kalasi momwe munkagona amayi ndi ana m'mwezi wa March, napolo wa Freddy atatsika m'phiri la Soche ndi matope ndi miyala ikuluikulu. Usiku tulo sitinkabwera. Mayi wina ankangoyamba nyimbo chapansipansi, anzake n'kulandira, ife abambo m'kalasi yoyandikana n'kumaponyera besi kudzera pawindo losweka. Kampu itatha, chizolowezicho chinakana kutha. Pofika October tinalipo anthu 34, a CCAP, Akatolika, a Seventh Day ndi a mipingo ya Pentekoste, ndipo komiti inagamula kuti Lamulungu pa 17 December tichite phwando la mayimbidwe m'holo ina, pakhomo K1,000, ndalamazo tigulire malata amayi amasiye atatu amene anali akugonabe pansi pa mapepala apulasitiki.

Kungopeza tsiku la pulakatisi inali nkhani ya misonkhano iwiri. Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka, a Seventh Day kulibe. Lachinayi amayi a Mvano ali kwawo. Anyamata a kabaza sangasiye makasitomala nthawi yoweruka kuntchito. Tinathera pa Lachiwiri 6 koloko madzulo ndi Lamulungu 3 koloko masana, ndipo 3 kolokoyo inkakwana cha m'ma 4.

Udindo wotsogolera unandigwera chifukwa chimodzi chokha: ndimawerenga sol-fa, kalembedwe ka chuni cha nyimbo ndi zilembo. Bambo anga, kwathu ku Domasi, anali mphunzitsi wa kwaya kwa zaka zambiri. Kalembedwe aka ka d r m f s l t kanafala kuno ndi amishoni, ndipo a ku Scotland amene anafika ku Blantyre mu 1876 ankaphunzitsa kuimba limodzi ndi kuwerenga. Bambo anakatengera kwa aphunzitsi awo, ine ndinakatengera kwa iwo, ndi kandodo ka nsungwi kamene kankaloza pabolodi komanso, ndikalakwitsa, pamutu panga. Ndinakula ndikukhulupirira kuti vuto lililonse la kwaya lili ndi mankhwala ake pabolodi. Sungani mawu amenewa, mudzandiseka nawo kutsogoloku.

M'kwaya yathu odziwa sol-fa analipo anayi. Ena onse ankagwira ndi khutu, ndipo ndinene chilungamo, ankagwira msanga kuposa anayiwo. Ndinkajambula mawu a gulu lililonse pafoni, sopulano payokha, aluto, tena, besi, n'kutumiza pa WhatsApp. Mafoni akuluakulu analipo 11 okha, choncho madzulo mukadutsa m'tinjira ta Chilobwe munkapeza amayi anayi ataunjikana pa foni imodzi pafupi ndi mbaula, akubwereza mzere womwewo uku ndiwo zikupsa.

Za yunifolomu ndidutsepo mwachangu chifukwa zimandipwetekabe mutu. Tinasonkha K7,000 aliyense, pang'onopang'ono, kwa miyezi iwiri. Pa 9 November kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imene inali pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Amayi athu osunga chuma atapita ku Limbe sabata yotsatira, anabwerako ndi nsalu yokwanira theka la kwaya ndi nkhope ya maliro. Tinagwirizana kuti aliyense avale malaya oyera amene ali nawo, nsaluyo telala aidule timalamba toponya paphewa. Inatha choncho.

Nyimbo tinakonza zisanu ndi zitatu. Zisanu ndi ziwiri zinali zodziwika, zoti ngakhale mutawadzutsa pakati pa usiku aziimba. Yachisanu ndi chitatu inali yathuyathu. Mawu ake anachokera kwa anthu osiyanasiyana m'kampu muja, wina mzere, wina mizere iwiri, ine n'kungowalumikiza ndi kuika chuni. Ndinaivutikira kwambiri nyimbo imeneyi. Chichewa chimakoka silabo yachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu, ndipo ukaika noti yaitali pa silabo yomaliza, liwu limamveka ngati laimbidwa ndi mlendo. Nyimbo zina zakale zomasulira zili ndi chilema chimenechi, tinangozizolowera. Yanga ndinafuna isakhale nacho, ndipo ndinkanyada nayo mwina mopitirira.

Koma inkatsika. Tikayamba pa noti ya F, vesi yoyamba bwinobwino, yachiwiri bwinobwino, kufika yachitatu mawu onse ankayamba kulendewera, ndipo pomaliza ndikaliza foni kuti ndiyerekeze, tinkapezeka tili pa E, noti yapansi pa F, nthawi zina kumunsi kwake. Munthu wamba sangadziwe kuti chachitika n'chiyani, amangomva kuti nyimbo yalema. Ine zinkandibaya m'khutu.

Zifukwa zimene kwaya imatsikira ndinkazidziwa pamtima. Mpweya ukatha mzere usanathe, mawu amagwa. Chuni chikamatsetsereka, anthu amaponda masitepe akuluakulu kuposa oyenera. Noti za m ndi t zimakonda kuimbidwa mopereweza. Ndipo besi ikatsika, onse amaitsata, chifukwa ndiyo maziko. Ndiye ndinayamba kupereka mankhwala. Ndinawaimiritsa, dzanja pamimba, kukoka mpweya, kuutulutsa pang'onopang'ono ndi "sssss" mpaka ndiwerenge 20. Ndinaletsa thobwa pulakatisi isanathe. Ndinalemba mzere wa besi pabolodi ndi choko chofiira. Lachiwiri lina, magetsi atazima, tikuunikira ndi matochi a mafoni, ndinawaimitsa kasanu ndi kanayi pamalo amodzimodzi. Kachisanu ndi chinayiko ndinapsa mtima.

"Abambo a besi, kodi mwadya? Kwatsala masabata atatu. Ngati simukufuna nyimboyi nenani, tiisiye!"

Palibe anayankha. Tinatseka ndi pemphero lalifupi kuposa masiku onse.

Ndikutolera choko, agogo ena a aluto, amene anali wamkulu pa tonse ndipo sankajomba ngakhale kugwe mvula, anatsalira pakhomo ngati akukonza mpango.

"Aphunzitsi, tiperekezeni pang'ono, maso awa usiku saona."

Tinayenda mpaka pa mjigo osalankhula. Kenaka anaima.

"Mwana wanga, mukamaimbitsa vesi ija mumayang'ana kuti?"

"Pafoni, agogo, kuti ndione ngati tatsika."

"Eya. Lamulungu mudzayang'ane kukhosi kwa akalipentala."

Sananenenso china. Analowa kanjira kawo, ndipo ndinaona kuti akuyenda bwinobwino popanda wowagwira dzanja.

Akalipentalawo ndiwo anali mzati wa besi yathu, bambo wamtali, wosalankhulalankhula, mawu ake ngati ng'oma yaikulu. Anzawo asanu aja sankaloweza kwenikweni, ankangotsamira pa iwo. Lamulungu foni ndinaisiya m'thumba. Vesi yachitatu ili ndi mzere wonena za kholo limene linagwira mwana dzanja, madzi n'kulanda. Titafika pamenepo ndinaona pakamwa pawo pakuyenda, kholingo likukwera ndi kutsika, koma mawu osatuluka. Anzawo, posowa potsamira, aliyense anagwira noti yake yongoganizira, ndipo kwaya yonse inatsetserekera komweko. Mzere wotsatira iwo anabwereranso mwamphamvu, koma pa noti imene anapeza anzawo ali.

Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti nkhani yawo ndinkaidziwa. Ndinalipo pamene ankafukula matope ndi makasu. Mzerewo ndinaulemba ndekha m'kope, kuchokera pakamwa pa mlamu wawo. Koma kwa masabata asanu ndinkangomva E m'malo mwa F.

Lolemba nditaweruka ndinapita ku shedi yawo. Ndinawapeza akupala thabwa la chitseko. Tinakamba za mtengo wa misomali, za mizere ya mafuta, za mvula imene inkachedwa. Kenaka ndinalimba mtima.

"Achimwene, tsiku lija ndinalankhula molakwika. Mundikhululukire. Vesi ija ndaganiza zoichotsa."

Anaika pansi chopalira, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Aphunzitsi, mukaichotsa ndiye ine ndizibwera kudzatani? Ndimabwerera vesi yomweyo. Kungoti ikafika, pakhosi pamatseka. Ndimayesa."

"Nanga titani?"

"Inu ndi amene mumadziwa za pabolodi."

Ndinabwerera kunyumba ndilibe yankho. Usiku ndinatsegula kope, ndikuyang'ana mizere inayi ya vesiyo, ndipo ndinakumbukira chinthu chimene bambo anandiphunzitsa ndili Sitandade 4. M'sol-fa, gulu likamapuma salemba chizindikiro chilichonse. Amangosiya malo opanda kanthu pakati pa timizere ndi timadontho, nthawi n'kumawerengedwabe. Ndinatenga labala n'kufufuta besi yonse pa mzere umenewo, tizigawo tinayi ta chuni. Tena ndinaifufutanso. Ndinasiya amayi okha, ndipo noti yomaliza ya aluto ndinaisintha kuti ithere pa d, kuti abambo akamabwerera aitolere pomwepo.

Lachiwiri ndinalemba pabolodi osafotokoza chifukwa. Mnyamata wina wa tena, mmodzi wa odziwa sol-fa aja, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, apo mwaiwala kulemba."

"Sindinaiwale. Pamenepo abambo tonse tikhala chete, tiziwerenga chamumtima."

Agogo aja anangoyang'ana pansi, akukonza mpango wawo.

Tinayamba pa F. Pa vesi yachitatu amayi 21 anaimba okha, mopanda chowachirikiza pansi, ndipo m'kalasimo munamveka mphepo ikugwedeza lata lakumapeto. Abambo 13 anaima chilili, milomo yotseka. Akalipentala anali atatsinzina. Aluto atafika pa d, besi inalowa yonse pamodzi, mwakuti mwana amene anagona kumsana kwa mayi ake anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Titamaliza sindinafune kutulutsa foni, koma mnyamata wa tena uja anaumirira. Ndinaliza. Tinali pa F, mwina kutsikirako kangachepe koti nkukangana nako.

Kunatsala masiku 12, ndipo mwini jenereta amene tinapangana naye anali atasiya kuyankha foni. Za iyeyo, ndi za mvula imene inayamba 2 koloko pa tsiku la phwandolo, ndidzakamba m'gawo 24.