Malaya anayi amene anayenera kukhala zokolopera

Malaya aamuna satha paliponse nthawi imodzi. Amayamba kuperepeseka pa kolala, pamene nsalu imakhulana ndi khosi, kenako kumapeto kwa mikono ndi m'khwapa, koma kumsana ndi kutsogolo amakhala akadali olimba ngakhale mwini wake atawavala zaka zingapo. Zimenezi ndinazizindikira tsiku limene amuna anga, omwe ndi mphunzitsi, anandipatsa malaya anayi kuti ndizikolopera m'nyumba. Nditawayala patebulo ndinaona kuti ndikanangowononga nsalu yokwanira kuveka mwana wathu wamkazi wa zaka zinayi.

Ndimasokera pakhonde la nyumba yathu ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, pa makina a Singer opalasa ndi mapazi amene anandisiyira mayi anga. Makina amenewa amangosoka msoko wowongoka, moti mabowo a mabatani ndimachita kusoka pamanja ndi singano, ndipo imeneyi ndi ntchito yotopetsa maso komanso yosakhululuka, chifukwa bowo limodzi likapendekeka chovala chonse chimaoneka chosokedwa ndi wophunzira. Apa ndi pamene malaya akale amaposera nsalu yatsopano, pakuti amabwera ndi mzere wa mabatani ndi mabowo ake osokedwa kale mwaukhondo kufakitale. Mzerewu sindiukhudza n'komwe. Ndimautembenuza kuti ukhale kumsana kwa diresi la mwana, ndipo nsalu yotakasuka ya kumsana kwa malaya ndiyo imakhala kutsogolo. Mnzanga wina woyandikana naye nyumba anandiuza kuti zimenezi n'zosayenera chifukwa mabatani a zovala zaamuna amakhala kudzanja lamanja pamene a zovala zaakazi amakhala kumanzere. Ananena zoona, koma mabataniwo akapita kumsana sindinaonepo munthu woima kuti awerenge mbali imene ali.

Ndisanagwire sizasi, ndimachapa malayawo, kuwasita, kenako n'kuwayang'ana moloza kudzuwa, chifukwa malo onse operepeseka amalowetsa kuwala ndipo ndimawazunguliza ndi choko kuti ndiwapewe podula. Misoko ndimaimasula ndi lezala pang'onopang'ono. Podula ndimaonetsetsa kuti utali wa chovala chatsopano ukutsatira utali wa malaya, apo ayi diresi limapotoka likangochapidwa.

Ndinalakwitsa kawiri, ndipo konse kuwiri vuto linali changu changa. Pa malaya oyamba, abuluu, ndinachotsa thumba la pachifuwa poganiza kuti silidzaoneka bwino kumsana kwa mwana, koma pansi pake ndinapeza nsalu ikadali ndi mtundu wake wakale pamene malo ena onse anali atasuluka ndi dzuwa ndi sopo. Panatsala chizindikiro cha thumba chooneka ngati chigamba, kuwonjezera pa timabowo ta singano, moti ndinachita kulibwezeretsa pomwepo. Kulakwitsa kwachiwiri kunandipweteka kwambiri. Ndinagula chitenje chokongola kumsika wa Taifa kuti ndilumikize m'munsi mwa diresi kuti litalike, koma ndinachisoka chisanachapidwe, osaganizira kuti nsalu yatsopano ya thonje imachepako ikalowa m'madzi koyamba, pamene yakale inasiya kalekale kuchepa. Litauma, diresilo linakhwinyata pamsoko wonse, ndipo patapita milungu iwiri nsalu yakaleyo inang'ambika m'mbali mwa ulusi chifukwa chitenje chinali cholemera kuposa mphamvu zake. Kuyambira pamenepo, nsalu yolumikizira ndimayamba ndaichapa, ndipo ndimasankha yopepuka mofanana ndi malayawo.

Mikono nayo sinditaya. Malaya achitatu anali a nsalu yokhuthala yamandalasi, ogulidwa pa kaunjika, ndipo mikono yake iwiri inasanduka miyendo ya buluku la mwana, nditadula kumapeto kothako ndi kulowetsa lasitiki m'chiuno ndi m'miyendo. Aliyense amene anakhalapo mu Mzuzu m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chifunga chitakuta m'mawa kwinaku mvula ikuwaza, akudziwa kuti mwana wamng'ono sagona bwino miyendo ili pamtunda.

Malaya achinayi, oyera, sindinawadule. Nditawayang'ana kudzuwa ndinapeza kuti kolala yokha ndiyo inatha, choncho ndinaimasula, n'kuitembenuza kuti mbali yong'ambikayo ibisike pansi, n'kuisokereranso pamalo pake monga ankachitira matelala akale. Ndinawasita n'kuwapachika pamodzi ndi zovala zina osanena kanthu. Lolemba m'mawa amuna anga anawavala, ndipo atafika pakhomo anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Kodi amayi, malaya awa si aja ndinakupatsani kuti muzikolopera?" Ndinawayankha kuti athamange, belu la kusukulu silidikira munthu.