Ndabwerera ku fiyeta, zikomo a Sisita

Lero ndamaliza sabata yanga yoyamba ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni komwe ndimagwira ntchito ya unamwino, nditapuma miyezi itatu chifukwa chotheratu mphamvu ndi ntchito. Miyendo yatupa, msana ukuwawa, koma ndati ndisagone ndisanathokoze. Ambiri mukudziwa kale zomwe zinandichitikira, sindibwereza zonse.

Mulungu wanga, ndinu nokha mukudziwa pomwe ndinafika. Ine amene ndinkaikonda ntchitoyi, foni ikangolira usiku mtima unkagunda ngati ndaba. Tulo osabwera. Ndikamasamba m'manja kukonzekera opaleshoni, thupi lili pasinki koma maganizo ali kwina. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka pano n'chakuti wodwala wagona patebulo ndinasiya kumuona ngati munthu, ndinkangoti atha liti ameneyu kuti alowe wina.

A Sisita athu aakulu, dzina sinditchula chifukwa mungandikalipire. Ndinu amene munaona. Tsiku lija adokotala akufuna kutseka bala, ine ndinawerenga tinsalu topukutira magazi kanayi konse. Tinali tokwanira, koma mutu wanga unkakana. Manja akunjenjemera m'magolovesi, aliyense ali zii kundiyang'ana. Inu amene simugwira ku fiyeta, dziwani kuti tinsalu, masingano ndi zitsulo timaziwerenga tisanayambe, tisanatseke bala komanso pomaliza, chifukwa kamodzi kakatsalira m'mimba mwa munthu, moyo wake uli pachiswe. A Sisita simunandizazire. Munangosendera pafupi n'kuyamba kuwerenga nane mokweza, kamodzikamodzi, mpaka tinamaliza. Titatuluka munanditengera kuchipinda chosinthira zovala, n'kutseka chitseko. "Mwananga, tulo tenitenitu unagona liti?" Ndinalephera kuyankha, misozi inangoti mbwe.

Ndinu amene munalimbana ndi akuluakulu kuti andichotse pa ndandanda ya usiku, chonsecho anamwino ndife ochepa kale. Ndinu amene munandiperekeza kwa katswiri wa zamaganizo ine ndikukana kuti sindine wamisala. Iye anandifotokozera kuti kuyambira mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalitchula vutoli m'buku lake la mndandanda wa matenda ndi mavuto azaumoyo lotchedwa ICD-11 monga kutheratu mphamvu kobwera chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali pantchito, ndipo lili ndi mbali zitatu: kutopa kosatha, mtima kuuma pa ntchito yako, ndi kudziona ngati palibe chimene ukuphula. Ndinamuuza kuti zonse zitatuzo ndine.

Chachitatucho ndiye chinandidya kwambiri. Namwino wa ku wodi amaona wodwala wake akudzuka, akudya, akutsazika. Ife wa ku fiyeta munthu amangotiona maso okha pamwamba pa masiki, posakhalitsa wagona ndi mankhwala, ndipo amatuluka asanatsitsimuke bwino. Umaima maola asanu kapena asanu ndi limodzi osamwa ngakhale madzi, koma amene umamukumbukira ndi yekhayo amene anamwalira ali patebulo. Amene anachira suwaona. Ndinafika pokhulupirira kuti ndikanapanda kubwera, palibe chikanasintha.

A Sisita munadziwa zimenezi. Lachitatu lapitali titaweruka munandigwira dzanja kupita nane ku wodi. Panali bambo wina amene tinamuchita opaleshoni Lolemba, atakhala tsonga pabedi, akukangana ndi mkazi wake za wailesi. Sanandizindikire n'komwe. Inu munangondinong'oneza kuti, "Ulusi uli pamimbapowo unadutsa m'manja mwako." Ndinatuluka msanga kuti odwala asandione ndikulira. Ambuye akudalitseni mayi inu, akuwonjezereni masiku, ndipo tsiku limene inu mudzatope adzakupatseni munthu wonga inuyo.

Anzanga amene munagawana masiku anga osadandaula, zikomo. Achimwene ogonetsa odwala amene munkanditumizira uthenga Lamlungu lililonse, ngakhale ndisayankhe, zikomo. Amuna anga, munapirira mkazi wongokhala duu pampando osalankhula, ana mukuwasamalira nokha. Sindidziwa ndingakubwezereni chiyani.

Amene munkanong'onezana kuti ndi ulesi, ena n'kumati ndazungulira mutu, zonse zinandipeza. Ena tinkadyera limodzi nthawi yopuma, koma miyezi itatu yonse ngakhale moni wa pafoni. Sindikusungirani mangawa. Kungoti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ndandanda imene inandigwetsa ine ndi yomweyo mukuyendera inu.

Sindinachiriretu. Kwa katswiri uja ndikupitabe, ndipo ndaphunzira kunena kuti ayi akandipempha kugwira usiku wowonjezera, ngakhale pakamwa pamalemera. Lolemba tili ndi opaleshoni yoyamba m'mamawa. A Sisita mwandiuza kuti ulendo uno simudzaima kumbuyo kwanga, ndidzawerenga ndekha ndi namwino mnzanga amene amatipatsira zipangizo. Mantha alipo ndithu. Mundipempherere.