Mmene ndinayambira kumwa statin osaleka kuthamanga

Dokotala atandiuza kuti kolesitolo woipa uja, amene pa pepala la zotsatira amalembedwa kuti LDL, wakwera kwambiri m'magazi mwanga, nkhawa yanga yoyamba sinali ya mtima, koma ya miyendo. Ndakhala ndikuthamanga mamawa kwa zaka zambiri, ndipo anzanga othamanga nawo anali atandiopseza kale kuti mankhwala otsitsa kolesitolo otchedwa statin amafoola minofu mpaka munthu kumachita wefuwefu pa kamtunda komwe kale ankakwera akucheza.

Ndisanalandire pilitsi n'limodzi lomwe, dokotala anafuna kudziwa mankhwala ena onse amene ndimamwa. Anatchula makamaka clarithromycin, mankhwala opha mabakiteriya, ndi ma ARV okhala ndi ritonavir, chifukwa amenewa amachedwetsa chiwindi kuchotsa ma statin ena, makamaka simvastatin, kotero kuti mankhwalawo amachuluka m'magazi n'kuyamba kuvulaza minofu. Kenako ananditumiza kukapimitsa CK, chinthu chimene chimatayikira m'magazi minofu ikavulala. Apa ndinalakwitsa ndekha, pakuti ndinapita kukapimitsa nditathamanga makilomita 18 dzulo lake, ndipo anandibweza kuti ndikapume masiku atatu, popeza kuthamanga mtunda wautali pakokha kumakweza CK.

Ndinayamba ndi statin wotchedwa atorvastatin wa 20 mg, ndipo tsiku lomwelo ndinagula kope. Lachiwiri lililonse ndinkathamanga njira imodzimodzi ya makilomita 10, n'kulemba nthawi imene ndatenga, mmene ndagonera usiku wake, ndi malo enieni amene akupweteka ngati alipo. Kopeli linandithandiza kuposa mmene ndinkaganizira, chifukwa munthu amene akuyembekezera ululu sachedwa kuumva. Mu 2020 ofufuza a ku London anapatsa anthu 60 amene anasiya statin chifukwa cha zowawa mapilitsi enieni miyezi ina, ndi mapilitsi opanda mankhwala miyezi ina, iwo osadziwa, ndipo anapeza kuti pafupifupi magawo 90 pa 100 a zowawazo ankabweranso ndi mapilitsi opanda mankhwala aja.

Sabata yachitatu katumba wa mwendo wamanzere anayamba kuwawa, ine n'kuthamangira kuchipatala mlandu nditaugamula kale. Dokotala anafinya katumbayo, anayang'ana nsapato zanga zatsopano, n'kundifotokozera kuti ululu wa statin kawirikawiri umagwira mbali zonse ziwiri, ndiponso umakonda minofu ikuluikulu monga ya m'ntchafu, m'chiuno ndi m'mapewa. Anandichenjeza kuti chofunika kuthamangira ndi mkodzo woderapo ngati tiyi wopanda mkaka pamodzi ndi kufooka kwakukulu, chifukwa zimenezo zimasonyeza kuti minofu ikuwonongeka ndipo impso zili pangozi, ngakhale kuti vutoli n'losowa. Nditabwerera ku nsapato zakale, katumba anapola.

Zenizeni zinabwera mwezi wachiwiri. Ntchafu zonse ziwiri zinayamba kulemera ngati ndamangirira matumba a mchenga, ndipo kope linasonyeza kuti milungu itatu yotsatizana nthawi yanga ikutalika. Sindinganene kuti anzanga aja ankanama kotheratu. Kafukufuku wotchedwa STOMP, wa ku America, anapeza mu 2013 kuti atorvastatin wa 80 mg womwedwa miyezi 6 sanachepetse mphamvu kapena kupirira kwa anthu athanzi, koma anakweza CK pang'ono, ndipo odandaula za minofu anachulukirapo. Chaka chomwecho kafukufuku wamng'ono wa ku Missouri anasonyeza kuti onenepa amene ankamwa simvastatin wa 40 mg sanapindule ndi masewera olimbitsa thupi mofanana ndi anzawo osamwa. Choncho mtundu wa mankhwala, mlingo wake ndi thupi la womwayo zonse zili ndi mbali yake.

Sindinasiye ndekha, ngakhale kuti mtima unkafuna kutero. Tinapimanso CK pamodzi ndi chithokomiro, pakuti chithokomiro chofooka nachonso chimapweteketsa minofu, ndipo zonse zinali bwino. Dokotala anandiimitsa mankhwala milungu iwiri, ntchafu zinapepuka, ndipo nditayambiranso kulemera kuja kunabwerera. Pamenepo m'pamene anandisinthira ku statin wina, rosuvastatin wa 5 mg. Patatha miyezi itatu LDL anali atatsika kufika pamene dokotala ankafuna, ndipo Lachiwiri lapitali ndinalemba m'kope nthawi yosiyana ndi yanga yakale ndi masekondi ochepa chabe.