Aliyense ali ndi wani wake

Sabata zitatu ndakhala ndikulimbana ndi Clapping Music, nyimbo yoomba m'manja ya Steve Reich wa ku America, mpaka zikhato kutentha. Anzanga a m'kalasi ya analysis nkhaniyi mukuidziwa. Anthu awiri, manja okhaokha: kuomba katatu, kupuma, kawiri, kupuma, kamodzi, kupuma, kawiri, kupuma, zonse pamodzi 12. Wina amangobwereza zomwezo mpaka kumapeto, mnzake akabwereza kangapo amasuntha ndi malo amodzi, kusuntha, kusuntha, mpaka adzakumanenso pamene anayambira. Reich anailemba mu 1972. Papepala ukaiona umati ndi masewera a ana. Koma ine ndikangofika pa kusuntha kwachitatu ndinkapezeka ndakokedwa ndi mnzanga, tikuomba limodzi ngati tikulandira mlendo wolemekezeka.

Chinkandipha n'chakuti ndinkasakasaka wani, kugunda koyamba kumene timayambira kuwerenga nyimbo. Chiyambire piyano anatiphunzitsa kuti wani ndi mmodzi, oimba onse amatera pamenepo. Choncho mnzanga akasuntha, khutu langa limathamangira kwa iye kukafunsa kuti wani wapita kuti, manja nkutsatira.

Loweruka lapitali kunali kitchen party ya msuweni wanga ku Mtendere. Ndinakhala pafupi ndi amayi a ng'oma, atatu, atamanga zitenje zofanana. Wa ng'oma yaing'ono anayamba yekha. Wachiwiri sanadikire kuti mnzake amalize n'kuyambiranso, analowa pakatikati, pamalo oti ine ndikanati walakwitsa. Wachitatu analowanso pake. Phazi langa linayamba kuwerenga monga mwa chizolowezi, ndipo nthawi zonse likagwira wani wa mayi mmodzi limataya wa winayo. Azakhali anandiona milomo ikugwedera, anati, "Iwe, ukuwerenga ndalama za ndani? Dzuka uvine!"

Nditadzuka ndi pamene zinatseguka. Mayi aliyense ali ndi wani wake, ndipo sakumubwereka kwa mnzake. Chimene agwirizana ndi liwiro la timagunda ting'onoting'ono tapansi basi. Ndiye pali kanyimbo kena kamene kamamveka pakati pawo, koma ukayang'ana manja palibe amene akukaimba. Kamabadwa pamene kugunda kwa uyu kwagwera m'mpata wa uyo. Ng'oma zimenezi ndazimva kuyambira ndili kumsana, koma sindinaziganizepo ngati phunziro. Usiku womwewo ndinajambula manja anga pa foni, ndinaika mahedifoni, n'kuomba motsutsana ndi ine mwini. Ndinadutsa kusuntha konse 12 osagwa. Ndinakuwa mpaka mng'ono wanga anadzuka.

Lolemba ndikufufuza pa intaneti ndinapeza china chimene chinandikwiyitsa ndi kundisangalatsa nthawi imodzi. Reich asanapite ku Ghana mu 1970 kukaphunzira ng'oma, anali atawerenga kale buku la A. M. Jones, Studies in African Music, la mu 1959. Jones ameneyu anali mmishonale wa Anglican amene anakhala zaka zambiri konkuno ku Zambia, ku St Mark's ku Mapanza, dziko lidakali Northern Rhodesia. Zambiri za m'bukumo ndi za Aewe a ku Ghana, koma khutu lake analinolera kuno. Polemba ng'oma papepala, mizere ya bar, imene imagawa nyimbo m'zigawo, sankaiimika molunjikana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ng'oma iliyonse inali ndi mizere yake. Ndicho chomwecho chimene amayi a ku Mtendere anandionetsa popanda kunena liwu. Chinthu chinachoka kuno, kukafika ku New York, n'kubwerera kwa ine pa fotokope ndili kuchiopa.

Njira ya foni ija tsopano ndikuigwiritsa ntchito pa chilichonse. Invention ya Bach, nyimbo ya piyano, ndimajambula dzanja lamanzere, n'kuimba lamanja pamwamba pake. Sight-singing, kuimba uku ukuwerenga papepala, chimodzimodzi. Anzanga akuti ndanyanya, akuti foni simakudikira ukalakwitsa ngati munthu. Ine ndikuti n'chifukwa chake ndi mphunzitsi wabwino. Metronome, kachipangizo kowerengera liwiro la nyimbo, ndinaitaya m'kabati, imangokupatsa wani mmodzi ngati wapolisi wapamsewu.

Chimene chikundiwawa ndi zaka ziwiri zimene tathera pa four-part harmony, kulemba nyimbo ya mawu anayi, cholembera chofiira chikusaka ma parallel fifths, zolakwa zoletsedwa m'kalembedwe kameneko. Sindikunyoza, zimenezo n'zofunika. Koma nditafunsa tsiku lina ngati tidzaphunzireko olemba nyimbo amene adakali moyo, aphunzitsi anati tiyambe tadziwa akufa. Palibe anatiuzapo kuti Ligeti, polemba ma Études ake a piyano amene buku loyamba analimaliza mu 1985, anali atamvetsera kwambiri nyimbo za ku Central African Republic zimene Simha Arom anajambula. Palibe anatchulapo Akin Euba wa ku Nigeria ndi maganizo ake oti piyano ingathe kuyankhula ngati ng'oma. Mwina nawonso nthawi ilibe nawo chifundo, silabasi ndi yaitali. Ifenso tili pamzere wa piyano imodzi, theka la tsiku lathera mu minibasi, ukafika kunyumba malaiti azima ndipo foni ili pa 9 peresenti.

Anthu amakonda kunena kuti classical ikufa, omvera ake ndi okalamba okhaokha. Loweruka usiku ndinali wotsimikiza kuti tsogolo lake lili m'manja mwa amayi atatu aja. Dzulo ndinayesa. Ndinalemba zimene ndinakumbukira mu MuseScore, pulogalamu ya pakompyuta yolembera nyimbo: mavayolini awiri ndi cello, aliyense ndi wani wake. Masamu ake ali bwinobwino. Koma nditadina kuti iimbe, zinamveka ngati makina osokera atatu a pa Kamwala. Kanyimbo kapakati kaja kulibe. Kaya n'chifukwa choti ndi kompyuta, kaya chikusowa ndi chiuno ndi nthungululu, kaya ndinamva molakwika ng'oma yachiwiri. Ndipo ngati zitadzatheka n'kuimbidwa mu holo anthu atakhala chete, pamwamba pa pepala padzakhala dzina langa, pamene amayi aja sindinawafunse n'komwe mayina. Azakhali akuti nambala ya mmodzi ali nayo. Sindinawaimbirebe foni, sindikudziwa kuti ndikayambira pati kufotokoza chimene ndikufuna.