Kupita ndi ana asukulu ku Seoul: ndondomeko ya ejenti muziifufuza nokha

Tabwerako, ana onse ali kwa makolo awo. Aphunzitsi anzanga amene mukukonza ulendo wotere wa ku South Korea, ndikuuzeni mkwiyo usanathe.

Za mapasipoti ndi visa sinditayapo nthawi. Pamafunika kalata yokuitanani yochokera ku sukulu ya ku Korea ndi makalata a makolo ovomereza kuti mwana apite, ndipo dzina la mwana lifanane paliponse ndi la mu pasipoti. Yambani msanga, basi.

Chondipsetsa mtima ndi Lachiwiri la ulendowu. Ejenti amene sukulu inamulipira anatipatsa pepala lokongola, Lachiwiri analembapo Gyeongbokgung, nyumba yachifumu yaikulu imene inamangidwa mu 1395. Ana anali atauzidwa kale kuti wovala hanbok, chovala chamakolo cha Akorea, amalowa ulere, ndiye m'mawa tinayamba kusitolo yobwereketsa zovalazo. Atsikana anachedwa pagalasi, anyamata akuvutika ndi zingwe, ndalama yobwerekera italipidwa kale. Tifike pachipata cha Gwanghwamun, chotseka. Gyeongbokgung satsegula Lachiwiri, ndipo izi zalembedwa poyera pa intaneti. Munthu wodya ndalama za makolo pa ntchito imeneyi osadziwa zimenezo? Wotiperekeza anangoti tidikire aimbe ku ofesi. Tinadikira, mphepo ikulowa m'zovala zopyapyalazo, ana akundifunsa kuti, "Madamu, ndiye asilikali aja tiwaona liti?" Mwambo wa alonda osinthana pachipata umachitika 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, koma tsiku lotseka kulibe. Ana anauphonya, ndipo masiku otsala anali odzaza ndi maphunziro.

Anatipulumutsa ndi mphunzitsi wa kusukulu imene inatilandira. Pafoni anati tikwere sitima ya Line 3, titsike pa siteshoni yotsatira ya Anguk, tipite ku Changdeokgung. Nyumba imeneyo, ya 1405, imatseka Lolemba, ndipo nakonso wa hanbok salipira. Kungoti munda wakuseri wotchedwa Huwon uli ndi tikiti yakeyake, hanbok sathandiza. Choncho tengani pepala la ejenti, malo aliwonse muone nokha tsiku limene amatseka.

Ndaiwala za khadi. Mukangotsika pabwalo la ndege la Incheon, muguliretu mwana aliyense khadi ya T-money m'timasitolo ta CU kapena GS25. Imagwira m'basi ndi m'sitima momwe. Poikamo ndalama pamafunika ma won, ndalama za ku Korea, enieni m'manja, ndiye sinthani ndalama pabwalo la ndege pompo. Ana a zaka 13 mpaka 18 amalipira mtengo wotsika, koma wogulitsa ayambe walembetsa tsiku lobadwa pa khadiyo, choncho mapasipoti akhale pafupi. Ejenti sanatiuze izinso. Pofuna njira, Google Maps inatisokoneza poyenda pansi, eni dziko amagwiritsa ntchito Naver Map kapena KakaoMap.

Kunena chilungamo, zimene ana anasangalala nazo kwambiri sizinali papepala lija. Kusukulu amavula nsapato n'kuvala masilipasi, nkhomaliro amadyera m'mbale zachitsulo zogawikagawika: mpunga, msuzi, kimchi (ndiwo zamasamba zowawasa). Timitengo todyera nato n'tachitsulo, timaterera, koma supuni imakhalapo, mwana asachite manyazi. Akaweruka, anzawo ambiri a ku Korea amapitanso ku hagwon, sukulu zolipira zamadzulo, mpaka usiku. Ana athu amene amadandaula ndi sitade ya madzulo anangoti kukamwa yasa. Kumabanja kumene ankagona, pansi pamatentha chifukwa cha ondol, njira yawo yotenthetsera nyumba kuchokera pansi, ndipo ena anagona pamatiresi pansi pomwepo. Auzeni atenge masokosi osabooka, nsapato zimatsala pakhomo. Pa ulemu sitinavutike: kulandira chinthu ndi manja awiri ndi kudikira wamkulu ayambe kudya ana athu anakula nazo, ndipo amayi a m'nyumbazo anazitama.

Mapulagi akumeneko ndi a mano awiri ozungulira, athu a mano atatu salowa, gulani ma adaputala musananyamuke. Makolo auzeni kuti Korea ili patsogolo ndi maola 7. Bambo wina ankaimba akaweruka kuntchito, kumeneko kuli pakati pa usiku, m'nyumba ya eni.

Ndibwerezenso: Gyeongbokgung Lachiwiri ayi, Changdeokgung Lolemba ayi. Musakhulupirire pepala chifukwa lili ndi zithunzi. Ndalama ya tsiku limenelo ejenti sanabwezebe. Ahedi amuimbira, komiti ya makolo yamulembera kalata, yankho lake n'lakuti akuziona.