Paipi ya mumsempha wa bambo a ku Chilomoni

Lolemba m'mawa, ndisanamwe n'komwe tiyi, anamwino anandiitanira ku wodi ya abambo. Ndinapeza bambo achikulire a ku Chilomoni akubuula, mwendo wakumanzere uli zii ngati mwala wa mumtsinje. Ndinagwira kuseri kwa bondo ndi pamwamba pa phazi, msempha sunkagunda.

"Adokotala, dzulo lomweli ndimayenda ndekha," anatero.

Mayi akunyumba kwawo, amene anali gadiyani, anamasula chitenje n'kutulutsa envelopu yothimbirira. Mapepala a ku India, a zaka zitatu zapitazo. Msempha waukulu wa m'mimba, aorta, unafufuma mpaka kupitirira masentimita 5.5, ndiye anawaika stent graft, paipi ya nsalu yolimbitsidwa ndi mawaya, yolowetsera m'mphechepeche osang'amba mimba. Njirayi, imene dokotala wina, Juan Parodi, anaichita ku Buenos Aires mu 1990, ndi yabwino: bala limakhala laling'ono, wodwala amadzuka msanga. Koma paipi ija imafuna kuilondalonda moyo wonse. Imatha kusuntha, kupindika, kugwidwa ndi tizilombo, kapena kutsekeka. Ya bambowa inali itatsekeka nthambi yopita ku mwendo wakumanzere ndi magazi oundana.

Tinayamba heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, pompo. Usiku womwewo ku fiyeta tinalumikiza kapaipi kena pansi pa khungu, kutenga magazi ku mwendo wamanja kupita kumanzere. Pofika Lachiwiri masana phazi linali litafunda. Ndinaligwira kawiri, mtima unakhala pansi.

Lachitatu linatha n'kudikira zotsatira za impso, chifukwa mankhwala obaya pojambula m'kati mwa thupi ndi makina a CT amatha kuziwononga.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi chithunzi cha Lachinayi. Magazi ankadonthera m'thumba lofufuma la aorta lija, kunja kwa paipi, kubwerera kudzera m'timisempha ta kumsana. Timati endoleak ya mtundu wachiwiri. Kawirikawiri imaleka yokha, koma thumba likamakula limatha kuphulika, ndipo wodwala samva kanthu kufikira tsikulo. Chibwerere kuno, bambowa anali asanajambulidweko ngakhale kamodzi. Zinandiwawa kwambiri.

Lachisanu ndinakhala pamphepete pa bedi lawo.

"Ine ndimayesa ndinachira, mwanangu."

"Ayi bambo, paipiyi tiziiona chaka chilichonse, ndipo pano tiyamba ndi miyezi isanu ndi umodzi."

Ndinalemba tsikulo ndi zilembo zikuluzikulu m'buku lawo la kuchipatala. Mayi aja analipinda n'kuliika mu envelopu muja, pamwamba pa mapepala a ku India.