Amalume anga, lilime langa ndi dzanja la agogo a m'wodi

M'chaka chachiwiri cha maphunziro anga a physiotherapy, ntchito yothandiza odwala kulimbitsanso ziwalo, kuno ku Lusaka tinafika pa mutu wa neuroplasticity, umene umafotokoza mmene ubongo umasinthira chifukwa cha zimene munthu amachita, kuona ndi kumva tsiku ndi tsiku. Ndinauyamba ndikuganiza kuti ndi nkhani yolimbikitsa basi, yakuti ubongo umangowonjezera nzeru pamwamba pa nzeru zina ngati chimanga m'nkhokwe. Pamene teremu inkatha ndinali nditaona kuti ubongo ukamatsegula njira ina umatsekanso ina, ndipo mbali yachiwiriyi ndi imene yandisowetsa tulo.

Kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira zimene makolo athu amanena, kuti kuwongola mtengo mpoyamba. Ngakhale Santiago Ramón y Cajal, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1906 chifukwa cha ntchito yake yofufuza maselo a ubongo, ankaona kuti mwa munthu wamkulu njira za mitsempha zimakhala zitakhazikika kale. Mu 1949 Donald Hebb anapereka ganizo lakuti selo lina likamadzutsa linzake mobwerezabwereza, mgwirizano wa awiriwo umalimba. Popeza ubongo uli ndi maselo oterewa pafupifupi 86 biliyoni, chimene chimasintha kwambiri munthu akamaphunzira ndicho kulumikizana kwawo.

Kafukufuku amene anandigwira mtima ndi wa Eleanor Maguire, amene anali wa ku University College London. Munthu wofuna kuyendetsa takisi yakuda mu London amayenera kuloweza misewu pafupifupi 25,000, ndipo ambiri zimawatengera zaka zitatu kapena zinayi. Mu 2000 Maguire anajambula ubongo wa madalaivalawa ndi makina a MRI ndipo anapeza kuti chakumbuyo kwa hippocampus, kachigawo kothandiza kukumbukira malo, kunali kokulirapo kusiyana ndi kwa anthu ena, makamaka mwa amene anakhalitsa pa ntchitoyo. Ena anatsutsa kuti mwina anthuwa anabadwa choncho, motero iye ndi Katherine Woollett anatsatira ophunzira 79 kuyambira pachiyambi. Zotsatira zake zinatuluka mu 2011: kachigawoka kanakula mwa 39 amene anakhoza mayeso, koma mwa amene analephera kapena kusiyira panjira sikanasinthe.

Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira amalume anga, amene ayendetsa takisi mu Lusaka kwa zaka zoposa makumi awiri. Kwa iwo adiresi ndi yakuti, "Mukadutsa pa chigayo mukhotere kumanja, nyumba ya geti yobiriwira pafupi ndi mpope." Mvula ikagwa ku Kanyama amadziwa njira imene yasanduka dziwe ndi imene galimoto ingadutse, ndipo kuchoka ku Matero kupita ku Kalingalinga amazemba mzere wa magalimoto popanda kuyang'ana mapu a pafoni amene madalaivala achinyamata amadalira. Komabe milatho yodutsa pamwamba itamangidwa, monga uja wa pa Munali mu Great East Road, anakhala milungu ingapo akulowa mzere wolakwika, uku akudandaula kuti manja awo akukhotetsa okha chiwongolero. Nkhani ya munthu mmodzi si umboni, ndipo ubongo wa amalume palibe anaujambula, koma inandithandiza kumvetsa chinthu china chimene Maguire anapeza ndipo anthu sakonda kuchitchula. Madalaivala a takisi aja anali ndi kutsogolo kwa hippocampus kocheperako, ndipo atawayerekeza ndi madalaivala a basi mu 2006, a takisiwo ndi amene ankavutika kwambiri kusunga m'mutu kaikidwe ka zinthu zatsopano.

Umboni wina ndimayenda nawo m'kamwa. Mu 1984 Janet Werker ndi Richard Tees anaonetsa kuti makanda a ku Canada oleredwa m'Chingerezi ankatha kusiyanitsa maliwu ena a Chihindi ali ndi miyezi 6 mpaka 8, koma pofika miyezi 10 mpaka 12 ambiri anali atasiya. Ine amene ndinakulira ku Katete sindingasokoneze "pala" ndi "phala", ndipo ndimamva msanga ngati "mtengo" ukunenedwawo ndi wa m'nkhalango kapena wa pamsika, pamene mzungu wophunzira chinenero chathu amatuluka nazo thukuta. Koma l ndi r kwa ife ndi liwu limodzi, ndipo tsiku lina ndikufotokoza za wodwala pamaso pa kalasi ndinatchula mwendo wa "right" ngati "light", anzanga n'kufa nazo kuseka. Makutu anga ndi abwinobwino, kungoti ubongo wanga unagamula ndisanayambe n'kuyenda komwe kuti kusiyana kumeneko kulibe ntchito.

Kaganizidwe nakonso kamaumbika chimodzimodzi. Kuyambira ku pulayimale ndinazolowera kuloweza notsi pamtima ndi kuzibweza pa pepala monga mmene zinalembedwera, ndipo njirayo inandipititsa patsogolo mpaka kufika kuno. Tsopano mphunzitsi akandiuza kuti pali bambo wa zaka 60 amene akukoka phazi poyenda, ndiye ndinene chimene chavuta, maganizo anga amathamangira kufunafuna tsamba la buku m'malo moyang'ana bamboyo. Ndayamba kutseka buku ndi kudzifunsa mafunso ndekha, ndipo zimapweteka mutu kuposa kuwerenga kakhumi, komanso ndikalekeza sabata imodzi chizolowezi chakale chimabwerera. Izi sizodabwitsa, chifukwa mu 2004 ofufuza a ku Regensburg ku Germany anaphunzitsa anthu kuponya ndi kuwakha timipira titatu kwa miyezi itatu, mbali ina ya ubongo wawo n'kukula, koma atasiya kwa miyezi ina itatu inayambanso kuchepa.

Pamene zonsezi zinandionekera bwino ndi m'wodi ya chipatala china kumene tinkaphunzirira ntchito. Munali agogo ena aakazi amene sitiroko inawafooketsa dzanja lamanja. Zala zinkagwedera pang'ono, kusonyeza kuti njira siinaduke yonse, koma mwana wawo wamkazi, amene ankawadikirira usana ndi usiku, ankawatemera nsima, kuwamwetsa madzi ndi kuwamangira chitenje. Katswiri wina, Edward Taub, anafotokoza vuto limeneli kalekale: munthu akayesa dzanja lofooka n'kulephera kangapo, ubongo umaphunzira kulisiya, ndipo ngakhale mitsempha itayamba kuchira dzanjalo limakhalabe pa chifuwa. N'chifukwa chake mwa odwala ena oyenerera dzanja labwino limavekedwa chotchinga kwa maola ambiri pa tsiku kuti lofookalo ligwire ntchito. Kufotokozera mwana wachikondi kuti chisamaliro chake chikuphunzitsa ubongo wa amayi ake kuiwala dzanja ndi ntchito yovuta kuposa mayeso alionse amene ndalembapo, pakuti kwathu kuonerera kholo likuvutika ndi mbale ndi mwano.

Mothandizidwa ndi amene ankatiyang'anira, tinaika tizitsekerero ta mabotolo tisanu pa thireyi ndi kapu pambali pake. Ndinati, "Agogo, tayesani kutola kamodzi kokha muike m'kapumu." Koyamba kanagwera pa bedi, kachiwiri kanagubuduka mpaka pansi, ndipo mwana wawo anaimirira n'kunena kuti, "Asiyeni, atopa amayi." Agogo sanamuyankhe, maso awo anali pa kachitatu. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi analowetsa tinayi m'kapu, ndipo mwana wawo uja ndi amene ankawerenga mokweza, manja ake atawapinda kumbuyo kuti asawathandize.